Mphindi Zitatu za a Mataya

Bambo anandiimbira foni Lachitatu masana, ndili mkati mophunzitsa mayi wina kubwerera m'mbuyo ndi galimoto. Ntchito yanga ndi imeneyo. Ndimakhala pampando wa pambali, phazi lili pafupi ndi buleki yangayanga, n'kumalimbitsa mtima anthu akuluakulu amene amanjenjemera akaona giya. Ndikakhala pa ntchito foni sindiyankha, koma tsikulo inalira katatu motsatizana, ndiye ndinauza mayiyo kuti aime kaye pambali.

"Andibera," anatero Bambo, moni osapereka.

"Ndani? Alowa m'nyumba?"

"Ayi, pa intaneti. Gemu ndawina ine, iwo alemba kuti ndaluza. Ubwere udzandithandize kulemba dandaulo. Iwe ndi amene umadziwa podina."

Mtima unakhala m'malo, mpaka ndinaseka. Ndinawalonjeza kuti ndikangoweruka ndifika.

Bambo anagwira ntchito yojambula mapulani a nyumba kwa zaka makumi atatu ndi zisanu, koma amene ankawadziwa bwino ankawadziwira pa tchesi. Ku kalabu yawo ankawatchula kuti a Mataya, chifukwa gemu ikangoyamba ankataya dala msilikali mmodzi, kamunthu kakang'ono ka kutsogolo kaja, n'cholinga choti njira zitseguke, anthu awo akuluakulu atuluke msanga. Kaseweredwe kameneka amakatchula kuti gambiti. Anzawo ankati ndi zachikale, ndipo kompyuta inatsimikiza kalekale kuti n'zoopsa. Bambo ankangoyankha kuti kompyuta sinayambe yaonapo nkhope ya munthu amene wapatsidwa chinthu chaulere n'kuyamba kuchita nacho mantha.

Amayi atamwalira, zaka zinayi zapitazo, achimwene anatumiza laputopu kuchokera kumene amakhala, ine n'kuwatsegulira Bambo akaunti pamalo ena osewerera tchesi. Anakonda bulitsi, masewera othamanga amene aliyense amapatsidwa mphindi zitatu zokha. Nthawi ikakuthera waluza, kaya unali patsogolo chotani. Tinasangalala kuti apeza chowatayitsa nthawi, ndipo kunena zoona, zinatipeputsira mtolo ife ana. Munthu amene ali ndi chochita sumuimbira foni tsiku lililonse.

Ndinafika dzuwa lisanalowe. Bambo amakhala m'zipinda ziwiri pamwamba pa shopu ya a Telala, mnzawo wakalekale amene amasewera naye Loweruka lililonse. Ndinawapeza atavala malaya ositidwa bwino, ngati munthu wopita ku khoti. Tebulo lawo lojambulira, lopendekeka, linali pamalo pake pafupi ndi windo, rula yaitali itapachikidwa pa msomali. Pa tebulo lodyera panali laputopu, bolodi yamatabwa, ndi makapu atatu a tiyi, onse omwedwa theka.

"Munali ndi alendo?" ndinafunsa.

"Alendo ati? Khala pansi. Tisanalembe dandaulo ndikufuna uione wekha gemuyi, kuti udziwe chimene ukulemba. Iwe uziwerenga pa kompyutapo, ine ndiziyendetsa pa bolodi. Zapagalasizi sindiona bwino kuya kwake."

Ndinatsegula gemuyo. Inali yaifupi kwambiri, aliyense anasuntha kasanu ndi kamodzi basi. Mdani wawo anali munthu wosadziwika, dzina la manambala okhaokha, wopanda chithunzi. Pambali pa kusuntha kulikonse kompyuta inalemba masekondi amene munthu anatenga poganiza.

Ndinawerenga koyamba. Oyera anakankha msilikali wa kutsogolo kwa mfumu mabokosi awiri, akuda nawo chimodzimodzi. Sekondi imodzi aliyense. Kenako oyera anakankha msilikali wa pambali pake, uja wa kutsogolo kwa bishopu, n'kumuika poti adyedwe.

Bambo anamwetulira. "Gambiti ya mfumu. Oyerawa poyamba anaoneka ngati odziwa zinthu."

Ndinaseka, poganiza kuti akudzitama mozungulira monga amachitira nthawi zonse.

Akuda anakana mphatsoyo. M'malo modya msilikali waulereyo, anatulutsa bishopu wawo n'kumuimika mopingasa, ataloza kabokosi ka pafupi ndi mfumu ya oyera. Aliyense amene anaphunzira gambiti imeneyi amadziwa chochita pamenepa: umatulutsa hatchi, kuti mfumukazi ya mdani isapeze polowera. Ndinayang'ana pa galasi kuti ndiwerenge zomwezo, koma sizimene zinalembedwa. Oyera anadya msilikali wapakati wa akuda. Pambali pake panalembedwa masekondi 41.

Ndinawerenga mokweza, mawu akutuluka pang'onopang'ono.

Bambo anamenya tebulo ndi chikhatho mpaka makapu analira. "Taona chitsirucho! Msilikali ameneyo sadyedwa. Ukukumbuka? Unali ndi zaka zisanu ndi zitatu."

Ndinkakumbuka. Ndinamudya msilikali ameneyo katatu tsiku limodzi, pa bolodi yomweyi, ndipo katatu konse mfumukazi ya Bambo inabwera kudzandiphwasulira nyumba. Ndinalira, n'kutaya hatchi pansi mpaka inathyoka khutu. Bambo sanandikalipire. Anamata khutulo ndi guluu, ndipo guluuyo akuonekabe mpaka lero, wachikasu ngati phula.

"Pitiriza," anatero.

Zotsatira zake zinali zomwe zija za ndili mwana. Mfumukazi ya akuda inathamangira m'mphepete mwa bolodi n'kuopseza mfumu ya oyera, imene tsopano inali pambalambanda. Oyera anatchinga ndi msilikali. Mfumukazi inabwerera pakati, kudya msilikali wina, n'kuopsezanso mfumu, kwinaku diso lina lili pa nsanja ya pakona. Oyera anatchinga ndi mfumukazi yawo, ndipo nsanja inapita.

Bambo anachotsa nsanja yoyera pa bolodi n'kuiimika pafupi ndi kapu ya tiyi. "Apa ndiye ndinamudyera nsanja," anatero mokhutira.

Ndinawayang'ana. Sankaseka.

"Munamudyera ndani, Bambo?"

"Woyerayo. Werenga, nanga waima chifukwa chiyani?"

Ndinawerenga kusuntha kwachisanu ndi chimodzi. Oyera anatulutsa hatchi, masekondi awiri okha. Bambo anainyamula hatchi ya khutu lomata ija, n'kuiika pamalo pake, kenako anatsamira mpando akugwedeza mutu.

"Apa pokha ndimupatse ulemu. Taona. Mfumukazi yanga yadya nsanja, inde, koma yalowa pakona, ndipo hatchiyi yaitsekera chitseko. Ikatuluka apa idyedwa, apa idyedwa, apanso idyedwa. Akangotseka njira ya bishopu wangayu, n'kusendeza mfumu, ayamba kuisaka. Kompyuta ikuuza kuti waluzabe, koma mu bulitsi munthu amatuluka thukuta ndi zimenezi. Ndikanakhala ine ndikanachita zomwezo."

"Kenako akuda anatulutsa hatchi yawo," ndinawerenga. "Basi, gemu yathera pomwepo."

"Eya. Woyerayo sanasunthenso. Anali ndi pafupifupi mphindi ziwiri, koma anangoti zii. Ine ndinakhala pompano, manja nditapinda, ndikuonerera wotchi yake ikutsika. Mpaka ndinamumvera chisoni, ndinati mwina magetsi amuthimira mnzanga. Itafika pa ziro, chinthuchi n'kulemba kuti ndaluza ine. Ndiye lemba. Uyambe ndi ulemu, koma asaone ngati tikupempha."

Pa galasi, anthu oyera anali m'munsi, mbali ya mwini laputopu. Pafupi ndi wotchi imene inafika pa ziro panali dzina limene ndinawalembera ndekha zaka zinayi zapitazo: Mataya.

Pa ntchito yanga ndimakumana ndi anthu amene amafika pamphambano, msewu uli mbee, koma osalowa. Ukawafunsa amati amadikira galimoto inayo idutse, pamene galimoto inayo yaima kudikira iwowo. Ndimadziwa mawu oyenera kunena pamenepo, ndipo ndimawanena mosavuta chifukwa ndikudziwa kuti mawa adzachita bwino. Apa ndinalibe mawu. Ndikanatha kulemba dandaulolo, kudina potumiza, kutsuka makapu n'kumapita. Ndinaganiza zimenezo ndithu, ndipo zala zinali kale pa mabatani.

"Bambo," ndinatero, "taonani dzina lanu pamene lili."

Anavala magalasi, n'kuwerama. "Ndiye kulakwitsa kwawoko kumeneko. Asokoneza maina."

"Anatsegula ndi gambiti ya mfumu ndani?"

"Oyera."

"Pa anthu onse amene mumakumana nawo pamenepa, ndi angati amene amatsegula choncho?"

Anavula magalasi n'kuwaika pa tebulo.

"Nanga hatchi ija, yotsekera mfumukazi pakona m'masekondi awiri. Mwanena nokha kuti mukanachita zomwezo."

Anayang'ana bolodi nthawi yaitali. Pansi, makina a a Telala ankalira, kuima, n'kuyambanso. Bambo anatambasula dzanja, n'kugwira hatchi yoyera ija pamutu, osainyamula. Kenako anabweza anthu onse pamalo oyambira, mmodzimmodzi, n'kuseweranso gemu yonse okha, osandifunsa kanthu. Sanaphonye kusuntha ngakhale kumodzi. Atafika pachitatu, dzanja lawo linapita lokha pa hatchi, pamene limayenera kupita, n'kuima m'malere. Analibweza pang'onopang'ono, n'kugwira msilikali.

"Ndiye kuti msilikali uyu ndinamudya ine?"

"Inde, Bambo."

"Unati masekondi angati?"

"Makumi anayi ndi imodzi."

"Ndinaganiza masekondi makumi anayi ndi imodzi," anatero motsitsa mawu, "n'kusankha zimenezi."

"Mwina munatopa. Mwina shuga anatsika, munadya masana?"

"Usandinyengerere ngati wophunzira wako, mwanangu. Kudya msilikali, chabwino, munthu amapusa. Koma ine ndinakhala pano mphindi ziwiri ndikusangalala. Ndimaonerera wotchi yanga yomwe ikutha, ndikumumvera chisoni mwini wake."

Anadzuka, n'kulowa m'bafa. Ndinamva mpopi ukutsegulidwa, madzi n'kumangothira osaleka. Ndili ndekha ndinatsegula mndandanda wa magemu awo onse. Pamalo amenewa munthu aliyense ali ndi nambala yosonyeza mphamvu zake, imakwera ukawina, imatsika ukaluza. Ya Bambo inkakhala cha m'ma 1900, ndipo ankaitchula monyadira ngati msinkhu wa mdzukulu. Tsopano inali 1340. Mzere wosonyeza kukwera ndi kutsika kwa nambalayo unayamba kutsetsereka miyezi khumi yapitayo, poyamba pang'onopang'ono, kenako ngati masitepe. Ndinatsika ndi mndandandawo. Yaluza, nthawi inatha. Yaluza, nthawi inatha. Yawina. Yaluza, nthawi inatha. Ena mwa magemuwo nthawi inawathera ali patsogolo ndi mfumukazi yathunthu.

Madzi atasiya kuthira ndinatseka laputopu msangamsanga. Bambo anatuluka nkhope itanyowa, kolala ya malaya itanyowanso.

"Dandaulo lija lisiye," anatero. "Ndipo mkulu wako usamuuze. Ali ndi zake zomudetsa nkhawa."

Ndinatsuka makapu atatu aja. Mu ketulo munalibe madzi, ndipo pansi pake panali patapserera.

Potsika masitepe ndinapeza a Telala akutseka shopu, tepi yoyezera ikadali m'khosi. Atangondiona nkhope anasiya loko ali m'manja.

"Mwaona," anatero. Silinali funso.

"Inu munadziwa liti?"

Anapumira m'mwamba. "Chaka chatha chomwe. Tsiku lina poyala bolodi anasinthanitsa mfumu ndi mfumukazi. Ndinakonza mwakachetechete iwo akuthira tiyi. Kenako anayamba kumandifunsa kuti kodi ndi nthawi ya ndani kusuntha, kawiri katatu gemu imodzi. Masiku ano akalakwitsa ndimanamizira kutsokomola, ndimati sindinaone, bwerezani. Mwezi wathawu ndinawapeza pakati pa masitepe apa, makiyi ali m'manja. Ndinati a Mataya, mukukwera kapena mukutsika? Anati ndimafuna ndikufunseni inuyo. Tinaseka tonse, koma ine nditalowa m'shopu sindinathe kulowetsa ulusi pa singano."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndimati ndi chisoni cha mayi anu, chidzatha. Komanso ndikanayamba bwanji, mwana wanga? Munthu wandigonjetsa zaka makumi awiri. Ndiye ndiyambe kuwina, n'kuthamangira kwa ana ake kukanena kuti mutu wawo sukuyenda? Ndinaona ngati kuwadyera miseche."

Achimwene ndinawauza m'mawa mwake, ngakhale Bambo anandiletsa. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene akufuna kuti nkhani ithe.

"Gemu imodzi? Ukufuna kuwatengera mdala kuchipatala chifukwa cha gemu ya mphindi zitatu? Ine ndinalankhula nawo Lamlungu, amandiuza za mapulani a nyumba imene anajambula ndisanabadwe, mpaka kukula kwa mawindo. Munthu wodwala mutu angakumbuke zimenezo?"

"Anadya msilikali wapakati, achimwene. Mu gambiti ya mfumu."

"Ine za tchesi zanuzo sindizidziwa, ukudziwa iwe."

Zinali zoona. Iwo anakana kuphunzira ali mwana, ankakonda mpira. Ndinazindikira kuti m'banja lonse, munthu amene akanamvetsa kukula kwa chimene chinachitika pa kusuntha kwachitatu kuja ndinali ine ndekha, ndi Bambo eni ake.

Panapita milungu itatu kuti Bambo avomere kupita kuchipatala, ndi ina iwiri kuti tipeze tsiku. Masiku ena ankakumbukira bwinobwino chifukwa chimene tikupitira. Masiku ena ankati ndi za maso. Dokotala anali mayi wodekha, wolankhula pang'onopang'ono. Anawatchulira mawu atatu oti awasunge, anawafunsa tsiku ndi mwezi, anawawerengetsa manambala chobwerera m'mbuyo. Manambalawo anawathamanga mpaka dokotala anamwetulira. Kenako anawapatsa pepala ndi pensulo.

"Mundijambulire wotchi, bambo. Muike manambala onse, mivi iloze teni koloko."

"Muli ndi kampasi?" anafunsa Bambo.

"Ndi dzanja basi."

Anajambula mkombero kamodzi n'kamodzi, osanyamula pensulo, wozungulira bwino ngati wosindikiza. Dokotala anati sanaonepo wotere. Bambo anayamba kuika manambala. Thwelofu anakhala pamwamba. Wani, thu, fili anatsatira bwino. Koma enawo anapitiriza kutsika mothinana mbali yomweyo, moti pofika pa leveni anali asanadutse pansi pa mkombero, ndipo theka lonse lakumanzere linali lopanda kanthu. Anaima, n'kuliyang'ana pepalalo monga ankayang'anira mapulani a anyamata ongoyamba ntchito.

"Izi zalakwika," anatero. "Koma sindikuona pamene zalakwikira."

Pa mawu atatu aja anakumbukira limodzi.

Dokotala anatiuza tonse awiri, osabisa. Anati pafunika kuyezanso magazi ndi kujambula mutu, koma zizindikiro zikuloza ku matenda a kuiwala amene amagwira anthu achikulire, ndipo akuoneka kuti ayamba kale ndithu. Anati alipo mankhwala amene amachedwetsa, koma obweza palibe. Anafunsa ngati Bambo amakhala okha, ngati amaphika okha, ngati pakhomo pali masitepe. Mayankho onse atatu anali inde, ndipo pa lililonse dokotala ankalemba kanthu.

Pobwerera tinakwera galimoto ya kuntchito, yokhala ndi chikwangwani padenga. Bambo anakhala pampando wanga wa masiku onse, mapazi atawafinyira kumbali kuti asagunde buleki. Titaima pa maloboti achiwiri anatembenukira kwa ine.

"Ukabwera kudzakhala nane, tebulo lojambulira lichoke," anatero. "Bedi lako silingakwane."

"Tiona, Bambo."

"Palibe choona. Lichoke."

Titafika pakhomo sanatsike msanga. Anatulutsa kapepala m'thumba la malaya, kopindidwa kanayi. Panali dzina la akaunti yawo ndi mawu achinsinsi, zolembedwa ndi zilembo zawo zoongoka za pa mapulani.

"Ukatseke," anatero. "Lero mutu uli bwino, ndiye ndikunena lero. Mawa ndikhoza kukuuza zina, usadzandimvere. Ndi a Telala ndizisewerabe, iwo aja amatsokomola ndikalakwitsa, amayesa sindidziwa. Koma pa intaneti ayi. Nambala yanga ili pa 1900 ndi kadontho. Ndikufuna iime pomwepo, isatsike mpaka kukafika kwa ana a sukulu. Wina akadzaona dzina la Mataya azidzati munthuyu ankasewera."

Ndinalandira kapepalako.

"Ndikatseka, Bambo."

Anatsika, n'kuyenda mpaka pa masitepe. A Telala anasiya makina, n'kutuluka ngati akufuna kuona kunja, ndipo anaima pakhomo la shopu mpaka chitseko cha pamwamba chinatsekeka.

Akauntiyo ndinaitseka masana omwewo, pa foni, nditaimika galimoto panja pa ofesi ya wophunzira wanga wa folo koloko. Nambala inali itafika pa 1296. Anali ataseweranso magemu asanu ndi anayi chichitikireni zija, onse otsegula ndi gambiti akakhala ndi oyera, ndipo awiri anawina mokongola, moti ndinawaonera kawiri. Kenako ndinapita pamalo otsekera. Anandifunsa ngati ndatsimikiza. Anandifunsanso chifukwa chimene ndikuchokera, n'kundipatsa mayankho oti ndisankhepo: ndapeza malo ena osewerera, anthu ake ndi amwano, masewerawa akundidyera nthawi, chifukwa china. Ndinasankha chomalizacho. Panatseguka kabokosi koti ndifotokoze, ndipo ndinakhala ndikukayang'ana, chala chili m'malere, mpaka galasi la foni linazima lokha. Ndinaliyatsanso, kabokosiko ndinakasiya kopanda kanthu, n'kudina.

Wophunzira wanga anagogoda pa windo. Anali bambo wa zaka ngati makumi asanu, amene anali atalephera mayeso kawiri. Ndinasamukira pampando wa pambali, iye n'kukhala pa chiwongolero, akupukuta manja pa thalauza.

"Lero tipita kuti, aphunzitsi?"

"Konzani kaye magalasi," ndinatero. "Kenako tilowe mumsewu waukulu."